Alonda Opanda Mathalauza

Mlamu wanga anasoka zovala zaka makumi awiri ndi zisanu. Anthu ankamutchula kuti Abatani, chifukwa kasitomala akalowa m'shopu, iye ankayamba wayang'ana mabatani a malaya, moni pambuyo. Batani lolendewera ankalisoka pomwepo, mwini wake ali chiimire, afune asafune.

Msana utayamba kuvuta, anasiya makina n'kukaphunzira kompyuta. Mutu anali nawo. Fakitale ina yosoka mayunifomu inamutenga kuti akonze fomu ya pa intaneti yoti makasitomala aziodera zovala. Anamupatsa miyezi itatu yoyeserera, tebulo la pazenera, ndi mpando wotsimphina umene anauikira katoni kunsi kwa mwendo.

Mafomu amenewa ali ndi lamulo lake. Pamene pali tinthu tozungulira, umasankha chimodzi basi. Pamene pali timabokosi ta ngodya zinayi, umachonga zonse zimene ukufuna. Saizi ya chovala, tozungulira. Mndandanda wa zovala zooda, timabokosi.

Abatani anayamba ndi tozungulirato. Anati n'totuwa. Anatisandutsa mabatani a malaya, a mabowo anayi, ukadina ulusi wofiira n'kupingasa pamabowopo. Zinali zokongola, tisaname. Abwana ake, mayi wosaseka woyenda ndi tepi m'khosi, anayang'ana n'kugwedeza mutu kamodzi. Kwa iwo kumeneko ndiye kuyamika.

Kuyamikako n'kumene kunamuwononga. Timabokosi tija tinayamba kumunyansa. Anauza mkazi wake, mlongo wanga, kuti chibadwire sanasokepo batani la ngodya zinayi, ndipo sangayambe imvi zitamera. Mlongo wanga anamuuza kuti adye, chakudya chikuzizira. M'mawa mwake timabokosi tonse tinasanduka mabatani.

Fomu inkalolabe kusankha zambiri, koma akanadziwa ndani? Munthu akaona chozungulira amadina kamodzi n'kumapita.

Ndiye kunabwera mkulu wa kampani ya alonda, kuodera anthu ake makumi anayi. Pamndandanda malaya ndiwo anali pamwamba. Anadina malaya, ulusi unapingasa, iye n'kuganiza kuti poti akulola chimodzi, ndiye kuti malayawo amabwera ndi anzake.

Patatha milungu iwiri anatulukira ku fakitale, alonda awiri kumbuyo ngati umboni. Kumwamba malaya atsopano ositidwa bwino. Kunsi wina kabudula wa mpira, wina thalauza la suti ya ukwati wake.

"Mayi, Lolemba tikuyamba kulondera banki," anatero mkuluyo. "Akuba azikatiopa kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba basi?"

Abwana anaitanitsa Abatani. Iye atafika anayamba kuyendera mabatani a alondawo, mpaka anachita kuuzidwa kuti ayang'ane kunsi. Chigamulo chinali chachifupi. Mathalauza makumi anayi akhale atatha pofika Lolemba. Fomu ikonzedwe. Munthu woyamba kuidzaza akadzasiya chovala chimene amachifuna, Abatani anyamule katoni yake ya kunsi kwa mpando azipita.

"Ndipo ndikufuna ngodya zinayi, Abatani. Ndidzaziwerenga."

Loweruka ndi Lamlungu anakhala pa makina pamodzi ndi osoka a pafakitalepo, msana ukulira. Ali pa thumba la kumbuyo la thalauza la makumi atatu, anaimitsa phazi. Thumba lili ndi ngodya zinayi. Ndipo palibe munthu anauzidwapo kuti aziika zinthu m'thumba limodzi lokha.

Lolemba timabokosi tinabwerera, koma tili timatumba, msoko m'mbali. Ukadina, kampango koyera n'kusuzumira. Abwana anaika chala pa sikirini, anawerenga ngodya, zinakwana.

Woyamba kuidzaza anali mkulu wa alonda yemwe uja, tsopano akuodera alonda ena khumi a ku banki konkuja. Anadina malaya, kampango kanatuluka. Anadina thalauza, kanatulukanso. Zinamukomera. Anapitiriza kudina mpaka pansi pa mndandanda, kufuna kuona ngati thumba lililonse lili ndi kampango kake. Kenako anatumiza osafufuta.

Mlonda aliyense analandira malaya, thalauza, ovololo, epuloni ndi chipewa chachitali cha wophika. Mkuluyo anachita manyazi kubweranso kachiwiri ndi umboni. Anangogawa katunduyo, n'kuuza anthu ake kuti ndi mmene amavalira alonda amakono.

Abwana ataona kutalika kwa odayo anagwedeza mutu kawiri. Palibe chovala chinasiyidwa, ndiye panalibe mlandu. Abatani analembedwa ntchito yokhazikika, ndipo anamupatsa mpando wa miyendo yofanana. Katoni ija anaisunga m'dirowa.

Akadali komweko. Mlongo wanga akuti masiku ano akakumana ndi munthu sayambiranso pa mabatani, amayambira pa matumba, ndipo kawiri konse m'basi anthu amuyesa wakuba.

Ukadutsa pa banki ija dzuwa likuswa mtengo, pageti pamakhala pataima wophika ali ndi chibonga.