Katswiri Amene Sanakwere Lole

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi, timu yathu ya kwa Katunga, Ng'ona, inali isanagonjepo pakhomo. Anaiyambitsa ndi anyamata odula nzimbe, ndipo lamulo lake linali limodzi: alendo azisewera nafe dzuwa lili paliwombo. Matimu akumtunda ankabwera ndi nsapato zonyezimira n'kubwerera atanyamulidwa. Wina anasungunuka, tinangotola jezi. Wokayika abwere, jeziyo ilipo.

Akatswiri tinali nawo. Goloboyi Fole ankagwira mpira ndi dzanja limodzi, linalo akudyera bwemba. Kumbuyo kunali Thirakitala, amene anagunda munthu ku Chikwawa, munthuyo n'kukadzukira ku Nsanje. Koma woposa onse anali Baba, omwe anthu ankawatcha Chikwanje. Akamenya mpira, ng'ombe za kudambo zinkagwada.

Chaka china mu Juni, timu ina yaikulu ya ku Blantyre inatiitana, ati ione Baba, ikakhutira iwatenge. Akanatengedwa, bwenzi titatsanzikana nazo nzimbe, phulusa lake, ndi mabala a m'manja mwawo. Mai anakabwereka juzi kwa aphunzitsi.

"Nkhabe!" anakana Baba. "Unaonapo ng'ona itavala juzi, iwe?"

Ananditenga kuti ndikaone kumene tidzakhale. Lole itangomaliza kukwera phiri, chiperoni chinatilandira, kamvula kowaza ndi mphepo yoboola mafupa. Pabwalo mano a Fole ankagundana mpaka woyimbira anaimitsa masewero kuti aone amene akusoka pamakina. Thirakitala injini inakana kulira. Kenaka mpira unawapeza Baba ali okha, goloboyi wa eniake atagwa kale. Ndinaimirira. Mwendo wawo sunadzuke. Mpirawo unadutsa pang'onopang'ono ngati ukuwapatsa moni, ndipo apa sindikuwonjezerapo kanthu. Bwana wa timu ija anachoka osatsanzika.

M'mawa mwake tinabwerera pa lole ngati tikuchokera kumanda. Potsika phiri, mpweya wotentha wa kuchigwa utatiwomba kumaso, Baba anandigwira paphewa n'kuloza dzuwa.

"Mwananga, katswiri wathu suyo. Tinamusiya kuno. Ife tinkangomuthandiza."

Nkhani inafala. Alendo anayamba kukana masewero a masana, ndipo Ng'ona zinafa pang'onopang'ono. Pabwalo pathu lero pali nzimbe. Baba anazidula mpaka msana unapindika, ndipo ena amati anadulako za pamalo pomwe ankamwetsera zigoli.

Nditasankhidwa kupita ku sekondale yakumtunda, Baba anandiperekeza pa siteji kukutentha moti nkhuku zinkaikira mazira ophikaphika. Anatulutsa juzi m'jumbo n'kundiuza kuti ndivale pomwepo. Anthu anaseka. Iwo sanaseke.

Ndinachita kukula kuti ndimvetse. Munthu ukamapambana kwanu, uzifufuza amene akukumenyera zigoli, chifukwa si onse amene amakwera nawe lole. Juzi ija ndimayenda nayo mpaka lero, ngakhale popita ku Bangula mu Okotobala.