Mkazi Amene Ankagona M'khitchini mwa Mlongo Wake

Inu amene mukuti moyo wakupondani pakhosi, tamvani za Hermínia wa ku Chiuta, kutsidya kwa malire a Malawi.

Tsiku limene alendo anamuthawa, Hermínia anakhala pakhomo la khitchini atafungatira mphika, misozi ili chuchuchu. Unali mwezi wa Disembala, nyengo ya festa, zikondwerero za kumapeto kwa chaka, pamene nyumba yogona alendo imayenera kudzaza. Yake inali pululu, zitseko zili yasa.

Ndati yake? Pepani, lilime laterereka. Nyumbayo inali ya mlongo wake Vitorino, amene ankakhala ku Portugal.

Nkhondo yapachiweniweni ya m'dziko lawo itafika povuta, Hermínia anathawira ku Malawi ndi amayi ake, ndipo amayiwo anamwalirira komweko kumsasa wa othawa kwawo. Mtendere utabwera anabwerera yekha, kamtolo kali pamutu, mtima uli pa malo a amayi ake pafupi ndi nyanja ya Chiuta, pomwe panali mtengo wa mango umene iwo anabzala. Kwathu kuno malo a mayi amatsata mwana wamkazi, ndipo palibe amene sadziwa zimenezo. Koma Vitorino, amene nkhondo yonse anangoimvera pa wailesi, anatumiza ndalama n'kumangitsapo nyumba ya malata yoti alendo obwera kutchuthi azichita lendi. Mapepala onse analembetsa dzina la iye mwini.

Anabwera kamodzi kokha kudzaiona.

"Mlongo, uzindisamalira nyumbayi," anatero. "Ikamadzaza pa festa, ndidzakupatsa kuseri kuja pamango umange yako."

"Nanga pakali pano ndizigona kuti, achimwene?"

"Khitchini ija si yaikulu?"

Hermínia anavomera, pakuti wopempha salunda. Ankafuna chinthu chimodzi basi, denga lakelake pa dothi la amayi ake.

Nyumba yokhala yotseka chaka chonse si yamasewera. Mileme inali itamanga mudzi m'denga, chiswe chikudya mafelemu, matiresi akununkha chinyontho. Kuyambira Okutobala Hermínia ankafukiza utsi kuthamangitsa milemeyo, n'kupaka laimu makoma onse. Matiresi ankawayanika mvula isanagwe. Ankasoka maneti a udzudzu, kukwirira maenje a panjira ndi kudzaza migolo ya madzi mpaka khosi kuuma. Akamaliza kuyalira anthu osawadziwa nsalu zoyera mbee, iye ankakayala chiguduli pafupi ndi mafuwa.

Alendo oyamba anali azungu, anzake a Vitorino, obwera kudzaona mbalame za kunyanja. Anagula nkhumba, nyama ina anaotcha, ina anaphika, n'kumapita ali osangalala.

Pambuyo pawo panafika a Athumani, wamalonda wachisilamu wa ku Nampula, ndi banja lawo lonse, kudzakhala nawo pa ukwati wa mdzukulu wawo. Akazi awo analowa m'khitchini, natenga mphika, naununkhiza.

"Mayi, munaphikidwa chiyani umu?"

"Azungu anaphikiramo nkhumba," Hermínia anayankha mosabisa. "Koma musadandaule, ndatsuka bwinobwino ndi sopo."

Mayiyo anauponya pansi mphikawo ngati wamuotcha. Kuti Asilamu sadya nkhumba Hermínia ankadziwa, ndani sadziwa? Chimene sankadziwa n'chakuti kwa iwo sopo yekha sauyeretsa mphika wotero. A Athumani sanakalipe.

"Mayi, sikuti mwachita dala," anatero. "Koma muno sitingadye."

Dzuwa lisanapendeke anali atanyamuka. Nkhani inathamanga gombe lonse, asodzi n'kuitcha nyumbayo kwa Nkhumba. Tsono ambiri obwera kunyanja pa festa ndi ana a mabanja achisilamu, ogwira ntchito kutali. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anapondanso pakhomopo.

Hermínia anapalasa njinga yobwereka mpaka ku Entre Lagos kukaimbira mlongo wake foni. Yankho lake linali ili: "Miphika yokha ikukukanika? Kumsasa kuja anakuzolowezani zolandira, ntchito simuidziwa."

Ine mawu amenewa amandiwawabe mpaka lero. Munthu amene sanagonepo ndi njala m'tchire, amene sanaponye ngakhale dothi pamanda a mayi ake, n'kumanyoza amene anawaika!

Hermínia analira, kenako anapukuta nkhope napita kwa a Hajira, mayi wachikulire woyanika nsomba pagombe.

"Amayi, ndinalakwa chifukwa chosadziwa. Ndiphunzitseni."

A Hajira anamuonetsa katsukidwe ka mphika pogwiritsa ntchito dothi ndi madzi monga mwa chipembedzo chawo. Atatha anati, "Mphikawu wayera, mwanangu, koma amene anamva nkhaniyi sadzaukhulupiriranso. Ugule ina."

Agule ndi chiyani? Vitorino anakana kutumiza kanthu. Hermínia anayamba kusenza madengu a nsomba za eni ake kupita nawo kusiteshoni ya sitima, mapazi akung'ambika, mpaka anagula miphika yatsopano. Anaipaka utoto wobiriwira m'zigwiriro n'kuipatsa thandala lakelake. Nkhuku ankakachinjitsa kwa Msilamu, anthu akuona. Kuseri anaikako ndowa ya madzi ndi mkeka woyera, kuti wofuna kupemphera asavutike.

Pa festa yotsatira kunabwera anthu awiri okha. Asodzi ankamuseka akamadutsa, ena akulira ngati nkhumba. Iye ankangopaka laimu wake. Chaka china a Hajira anamutumizira abale awo, abalewo n'kukauza anzawo. Kenako tsiku lina a Athumani anatulukira. Analowa m'khitchini, nayang'ana miphika yobiriwira ija nthawi yaitali, n'kutuluka kukauza ana awo kuti atsitse katundu.

Kuchokera pamenepo nyumba inkadzaza. Anthu ankatumiza uthenga Novembala asanathe kuti awasungire chipinda. Hermínia ataona kuti zakhazikika, anaimbanso foni.

"Achimwene, nyumba ikudzaza chaka ndi chaka. Ndiyambe kuumba njerwa?"

"Aa, ndinaiwala kukuuza," anatero Vitorino. "Nyumbayo ndagulitsa. Wogulayo anamva kuti imadzaza, ndiye sananenerere n'komwe."

Mwamva? Thukuta la Hermínia ndi limene linagulitsa malo a amayi ake. Mwini watsopano anabwera ndi antchito ake, ndipo ntchito yawo yoyamba inali kudula mango aja kuti galimoto zipeze poima. Hermínia anatuluka ndi chiguduli chake ndi miphika yobiriwira, chifukwa imeneyo yokha ndi imene inali yake.

A Hajira anamudulira kamalo kuseri kwa mathandala a nsomba. Hermínia anaponda dothi yekha, namanga tizipinda tiwiri tofolera udzu. Anatikonza monga ankakonzera nyumba ija, laimu, maneti, madzi, mkeka.

Disembala atafika, a Athumani anaima pageti la nyumba ya malata nafunsa, "Mayi wa miphika yobiriwira uja ali kuti?" Atawalozera, anakhotetsa galimoto n'kukagona m'nyumba ya udzu. Ena anawatsatira. Lero pamalopo pali pensau ya njerwa zootcha, nyumba yogona alendo yodziwika mpaka ku Cuamba, ndipo mwini wake ndi Hermínia.

Patapita zaka, pa festa ina, pakhomo pake panafika nkhalamba yonyamula kachikwama kamodzi. Anali Vitorino. Za ku Ulaya zinali zitamuthera, ndipo kwawo analibenso pofikira. Zipinda zonse zinali zodzaza. Vitorino anayang'ana pansi, kenako anayang'ana kumene kunkatuluka utsi.

"Ngakhale m'khitchini momwemo, mlongo."

Hermínia anamuyang'ana osaphethira.

"Ayi, achimwene. M'khitchini ndinagonamo kale mokwanira tonse awiri."

Anamuyalira m'chipinda chake, iye n'kukagona kwa a Hajira. Musandifunse ngati anakhululuka. Chimene ndikudziwa n'chakuti mpaka lero akamapita kumsika amazungulira njira yaitali, kuti asaone chitsa cha mango aja.

Ndiye inu amene mukuyalira ena bedi pamene inu mukugona pansi, sindikunamizani kuti adzakuthokozani. Mwina adzakugulitsani pamodzi ndi nyumbayo. Koma ntchito imene manja anu aphunzira palibe angaisainire pa pepala. Akakutulutsani, nyamulani miphika yanu mukayambire pena. Osataya mtima.