Chitunda cha a Sipoko

Alamu anga amadziwika ndi dzina loti a Sipoko, chifukwa ndi woonda ngati sipoko ya njinga, ndipo iwo dzinalo salikana. Anakwatira achemwali anga. Ntchito yawo inali yowotcherera zitsulo: mageti, mafelemu a mawindo, mabedi. Koma ukafuna kucheza nawo bwino usayambe za mageti. Yamba za njinga, udzachoka wekha makutu atatopa.

Lamulungu lililonse ankavala kabudula wothina uja, wochititsa manyazi banja lonse, n'kupita kukapalasa ndi anzawo kunja kwa tauni. Kumeneko kuli chitunda china chachitali, chokhotakhota, chimene chinkawatsitsa panjinga nthawi zonse. Anzawo ankafika pamwamba akupalasa, iwo ankafika akukankha. Zinkawawawa kwambiri, ndipo sankabisa.

Chakudza sichiimba ng'oma. Maso anayamba kuchita chifunga, poyamba m'mbali, kenako paliponse. Adokotala anawaletsa kuwotcherera, anawaletsanso msewu. Za ntchitozo sanadandaule kwenikweni. Koma njinga itakolekedwa pakhoma, munthu uja anangoti zii, kumangokhala pampando ngati katundu woiwalika pa depoti.

Mwana wawo wamkazi, amene amagulitsa mafoni m'tauni, ndiye anabweretsa marola. Kwa amene simunawaonepo: ndi mapaipi atatu onenepa, ozungulira, oikidwa pa felemu pansi. Tayala lakumbuyo limakhala pa awiri, lakutsogolo pa limodzi. Njinga simangidwa paliponse, umapalasa uli pamalo amodzi, ndipo ukasiya kupalasa umagwa. Awa anali anzeru, olumikizana ndi foni. Anzawo aja akayenda msewu, foni yawo inkasunga kukwera ndi kutsika konse, n'kutumiza. Ndiye alamu akamapalasa m'nyumba, marola ankalemera pachitunda, n'kupepuka pamtsetse.

Ine ndinaseka. Munthu wosaona, pa chinthu choti ngakhale woona amagwapo? Koma alamu anaika marola pakhomo lolowera kukhitchini, kuti akapendekera chigongono chizigunda felemu ya chitseko n'kuwabweza pakati. Zigongono zinasupuka, utoto wa felemu unatha. Achemwali akafuna kulowa kukhitchini ankazungulira panja, akung'ung'udza. Tsiku lina alamu ali pachitunda chija anadzandira, n'kukamenyetsa chipumi pakona ya kabati. Anasokedwa kuchipatala, ndipo atangochira anakweranso.

Pasanapite nthawi anandiitana. Ndinawapeza thukuta lili kamukamu, fani ikuwaomba kumaso.

"Alamu, khalani apo muone," anatero.

Anapalasa, marola akulira, mpaka foni inalengeza kuti afika pamwamba. Anagwira felemu, akumwetulira.

"Chija chinkanditsitsa chija. Ndachikwera osaponda pansi."

Kuyambira pamenepo panalibe mtendere. Wometa anamva, wogulitsa nyama anamva, ngakhale wobwera kudzakonza mpope anaimitsidwa kuti amve. Ankati maso ndi amene ankawanamiza kale, chifukwa munthu ukachiona chitunda umatopa usanachiyambe. Ananenepako pang'ono, anayambanso kukangana ndi achemwali za mchere. Kunena zoona, tonse tinapuma.

Lamulungu lina, ine ndili komweko, kunabwera mnzawo wa pagulu lija, dalaivala wa basi, munthu wa mimba yake ndithu. Alamu anamukakamiza kuti alawe marola. Dalaivala anavutika pang'ono, kenako anakhazikika, n'kuyamba chitunda. Anachikwera akucheza, akufunsa za ana.

"Koma achimwene, chitunda chanuchi chaphwa," anatero. Anatsika, natenga foni, n'kuiyandikiza kumaso. "Eetu. Wina anachepetsa kulemera kwake. Chili pa theka."

Dalaivala uja sanali ndi mtima woipa, kungoti pakamwa pake palibe mabuleki. Atazindikira zomwe wachita anayamba kufunafuna makiyi ake, ali nawo m'manja.

Alamu anaitana mwana wawo. Anabwera kuchokera kuchipinda, n'kuima pafupi ndi ine.

"Ndiwe?"

"Ndine, bambo."

"Kuyambira liti?"

"Tsiku munasokedwa lija. Mukamalimbana ndi chitunda mumadzandira. Ndinaopa."

Sanakalipe. Ine ndimawadziwa alamu, akakalipa ndiye kuti nkhani ndi yaing'ono. Anapapasa khoma mpaka anapeza chishalo cha njinga, n'kukwera.

"Bwezera mmene chilili."

"Bambo, amayi anena kuti…"

"Amayi ako ali panja. Bwezera."

Mwanayo anandiyang'ana. "Amalume, auzeni."

Ndikanawauza chiyani? Ndinangokankha kabati ija kuti italikire, n'kuima pamene inali.

Poyambira panali bwino. Kenako kulira kwa marola kunatsika, kukhala kokoka, ngati chigayo chimene magetsi akuchepa. Alamu anasintha giya, anasinthanso, magiya anatha. Mitsempha ya m'khosi inatuluka. Chigongono chinagunda felemu kumanzere, kumanja, kumanzerenso. Thukuta linkagwera pa tayala lakutsogolo. Mwana wawo anagwira foni ndi manja awiri, osapuma bwino. Mapedulo anazungulira kamodzi movutikira, kachiwiri sanamalize. Njinga inapendekera, alamu anakumbatira felemu, phazi linaponda pansi.

Anakhala choncho nthawi ndithu, akupumira m'mwamba. Fani yokha ndiyo inkazungulira.

"Ndafika pati?" anafunsa.

Foni sankaiona. Mwanayo akanatha kunena chilichonse, ndipo dalaivala anamukodola ndi maso kuti awonjezereko. Mtsikanayo anayang'ana pafoni.

"Simunafike ndi pakati pomwe, bambo."

Alamu anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Pa khona lachiwiri," anatero. "Ndi pomwe ndinkatsikira kale."

Anapukuta kumaso ndi malaya. Ndinawamvera chisoni, ndipo mwanayo anali akulira mwakachetechete, poganiza kuti bambo ake sakumva.

"Usalire, mayi," anatero alamu. "Unachita zachikondi. Koma maso anandilanda kale msewu. Iwe usandilandenso chitunda."

Kabati ija inasamukira kuchipinda tsiku lomwelo. Kwa wometa sanapiteko mwezi wathunthu, tsitsi linachita kuwirira. Lamulungu lililonse amakwerabe, ndipo pamwamba sanafikebe.