A Lyford Mvula ndi Zefa ya Mkamwini Wawo

A Lyford Mvula ankadzuka sitima ya m'mawa isanalire. Ankayamba agwada pamphasa n'kupemphera motsitsa mawu, kenako n'kutsegula chitseko pang'onopang'ono kuti asadzutse akazi awo, a Olipa, ngakhale kuti a Olipa ankakhala ali maso kale, akungomvetsera. Kumbuyo kwa njinga yawo kunali bokosi lamatabwa, momwe munkakhala mpope wopopera matayala, zitsulo ziwiri zokanulira tayala, zigamba, ndi choko chokulunga m'kansanza. Kuchokera kukomboni ya Linda ankapalasa mosathamanga mpaka pansi pa mkuyu wina pafupi ndi msika wa Maramba. Akafika ankasesa, n'kudzaza madzi m'chidutswa cha mgolo momwe ankamizamo machubu pofufuza pobooka, n'kukhala patayala lakale kudikira amene tsikulo liwabweretsere.

Anachoka ku Katete ali mnyamata wopanda ndevu, nagwira ntchito m'galaja ya mmwenye wina zaka zambiri. Chaka cha ufulu anayamba yawoyawo pansi pa mtengopo. Chiwongolero sanachigwirepo moyo wawo wonse, koma khutu lawo ndiye linali lodziwika mu Livingstone monse. Galimoto ikamadutsa ankatha kunena ali chitembenukire kumbali kuti tayala lakumanzere lili ndi mpweya wochepa.

Mu 1974, malire a ku Rhodesia ali chitsekere, tayala latsopano linkasowa ngati mano a nkhuku. Likang'ambika m'mbali, galimoto inkakhala panjerwa miyezi, nkhuku n'kumaikira mazira pansi pake. Chaka chomwecho ndi chimene mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, Eneless, anapeza banja. Mnyamatayo anali Imwiko, kalaliki wa kunjanji, Mlozi wa ku Mongu, waulemu wake wochititsa manyazi. Akaona apongozi ake ali patali ankagwada n'kuomba m'manja, kaya pafumbi kaya pamatope.

Imwiko anali ndi chinthu chimodzi chimene ankachinyadira: galimoto ya Zefa yobiriwira imene anagula kwa mzungu wa kunjanji yemwe ankabwerera kwawo. Ukwati utayandikira anaitsitsa kuti iziyenda chokwawa monga ankakondera anyamata a nthawi imeneyo, naitanitsa mawilo otambalala kuchokera ku Kitwe, matayala ake anayi onyezimira. Linda yense anatuluka kudzaona.

Lachiwiri, kutatsala masiku anayi kuti ukwati uchitike, Zefa ija inadutsa pafupi ndi mkuyu itanyamula anzake a Imwiko. Pamenepo msewu unali ndi kachigwa. Galimoto italowamo, kunamveka kuti khwee! Palibe wina anatembenuka. Koma a Lyford anaika pansi kapu yawo ya tiyi. Anadziwa kuti mlomo wa madigadi akumbuyo, chitsulo chophimba pamwamba pa tayala, ukudya tayalalo. Loweruka mwana wawo adzakhala m'menemo pamodzi ndi azakhali ake atatu, amayi a matupi awo, pamsewu wamaenje wopita kutchalitchi. Tayala lodyedwa m'mbali silichenjeza, limangophulika.

Akanakhala munthu wina akanamuimitsa ndi dzanja. Koma uyu anali mkamwini. Kwathu mpongozi sayang'ana mkamwini m'maso n'kumuuza kuti walakwitsa, makamaka pa chinthu chimene wachichita ndi manja ake pofuna kukondweretsa mwana wako.

Madzulo anawafotokozera a Olipa akutola nyemba pakhonde.

"Ingomuuzani basi, atate a Eneless."

"Ndiyambe banja la mwana ndi kunyoza mwamuna wake? Adzayenda bwanji pakhomo pano?"

"Nanga nkhoswe ntchito yake n'kudya nkhuku kokha?" anatero a Olipa osakweza mutu.

Nkhoswe ya Imwiko anali amalume ake, a Sililo, amene kale ankayendetsa malole a matabwa. A Lyford anawapeza m'mawa mwake akumeta ndevu panja.

"Ba Sililo, kwathu kum'mawa tili ndi mwambo. Galimoto yonyamula mkwatibwi imayamba yacheza kwa atate ake tsiku limodzi kuti aipempherere."

A Sililo anaimitsa lumo. "Ba Mvula, ine nakhala na anthu a kum'mawa zaka makumi atatu. Mwambo uyu unayamba liti?"

"Dzulo."

A Sililo anaseka mpaka sopo kuwalowa m'kamwa. "Ni mwambo wabwino. Izabwera mailo."

Ngati wina angati linali bodza, adziwe kuti galimotoyo itafika Lachinayi, a Lyford anavula chipewa, naika dzanja pamwamba pake, napempheradi.

Imwiko anapereka makiyi kwa amalume ake n'kukaima kuseri kwa mpanda wa maluwa, manja kumbuyo. A Sililo anaiyendetsa kukazungulira m'msewu wa kuseri kwa nyumba, womwe unali ndi maenje okwanira. Zii, osamveka kanthu.

"Ilibe vuto iyi. Iyenda monga madzi," anatero a Sililo.

"Ilibe anthu," anayankha a Lyford.

Mwamwayi Lachinayi ndi tsiku la amayi a Chigwirizano, ndipo nthawi imeneyo ankachokera kumapemphero, atavala zoyera ndi zakuda, Mabaibulo m'manja. A Lyford anaima pamsewu naitana amayi Anna, mtsogoleri wawo, mayi wamtali ndi wojintcha amene mawu ake ankamveka tsidya la njanji.

"Amayi, ndithandizeniko. Inu ndi anzanu awiri mukhale kumbuyo uku."

Amayi Anna anayang'ana anzawo amene anasankhidwa, nadziyang'ananso okha. "A Mvula, bwanji simunaitane owonda aja? Mwatiyesa matumba a chimanga ife?"

"Ndasankha okhwima m'chikhulupiriro, amayi."

"Mudzayankha kumwamba," anatero akukweza siketi kuti alowe.

Atakhala atatuwo, Zefa inagwada ngati ng'ombe yotopa. A Lyford anatulutsa choko chawo napaka mlomo wonse wa madigadi mkati, uku ndi uku. A Sililo anayendetsanso. Pa dzenje loyamba lomwe: khwee!

"Mayo! Taponda galu!" anakuwa amayi Anna.

Galimoto itaima, tayala lililonse lakumbuyo linali ndi mzere woyera m'mbali, wozungulira bwinobwino ngati wajambulidwa ndi mphunzitsi. Pansi pa mzerewo panali kangalande kamene chitsulo chinali chitayamba kale kukumba. A Lyford anapisamo chikhadabo. Kanali kasanafike paulusi wa mkati mwa tayala. Anapumira m'mwamba, nati chamumtima, zikomo Ambuye.

Kenako anagona chagada nalowa pansi. Apo ndi pamene anaona mmene mkamwini anaitsitsira: pa mulu wa zitsulo zophwatalala za sipiling'i, mbali iliyonse anali atasololapo chimodzi. Mankhwala achidule anali kuzibwezera. Koma kutero kunali kuimitsanso galimoto mmene inalili kale, anthu onse a mu Linda n'kuona kuti apongozi afafaniza ntchito ya mkamwini. Anatuluka, nadzisasa fumbi.

"Tsopano tidikire dzuwa," anatero.

Unali mwezi wa Okutobala, pamene phula la mumsewu limamata nsapato. Anaisiya galimoto pamtetete mpaka chitsulo chinatentha moti sungachigwire, pakuti penti yotentha imapindika pamodzi ndi chitsulo, pomwe yozizira imasweka ngati chigoba cha dzira. Amayi aja anakana kupita kwawo. Anakhala pamthunzi akumwa thobwa kuti aone mathero ake.

Ndiye a Lyford analowa m'khitchini natuluka ndi munsi.

"Umenewo ukupita kuti?" anafunsa a Olipa. "Munsi wa amayi anga umenewo, unachokera ku Katete pamutu panga!"

"Ukukasinja chitsulo, amake Eneless."

"Ukathyoka, mtedza wa ukwati mudzasinja ndi chigongono."

Unali wa mtengo wa muwanga, wosalala ndi manja a mibadwo iwiri. A Lyford anaulowetsa pakati pa tayala ndi mlomo wa madigadi, naupanikiza ndi phewa, napempha amayi kuti azikankha galimoto pang'onopang'ono, kutsogolo, kenako kumbuyo. Tayala likamazungulira, munsi unkagubuduzika nalo n'kumapindira mlomo uja m'mwamba, pang'ono pang'ono, monga mmene telala amapindira mpendero wa diresi. Amayi Anna anayambitsa nyimbo ya m'buku kuti azikankha mofanana, a Sililo n'kumavomera m'Chilozi ali pachiwongolero. Thukuta linali kamukamu. Anabwereza kasanu mbali iyi, kasanu ndi kawiri mbali inayo, chifukwa mzungu uja anaigunditsapo ndipo chitsulo chinali chouma mutu.

Anapakanso choko, amayi analowanso, ndipo nthawi ino anawonjezera wachinayi pamiyendo. Anapita, anabwera, anapitanso. Matayala anabwerako akuda bii.

Nthawi yonseyi Imwiko anali ataima kuseri kwa mpanda. Tsopano anayandikira, nagwada pafupi ndi tayala, nagwira kangalande kaja ndi chala. A Lyford anayang'ana kumbali, nalankhula kwa a Sililo ngakhale kuti mnyamatayo anali mapazi atatu okha kuchokera pamene anaima.

"Ba Sililo, mukamuuze mwana wanga kuti mawilo anasankha bwino. Sindinaonepo okongola chotere."

Imwiko nayenso anayang'ana amalume ake. "Mukawauze atate kuti ndamva zonse." Ndipo anaomba m'manja mwa Chilozi, mutu uli pansi.

"Nizapita kukawauza," anatero a Sililo osasuntha, amayi onse n'kufa nacho chiseko.

Loweruka anthu anasonkhana kutchalitchi koma atate a mkwatibwi sanaoneke. Anali atapalasa njinga, ali m'suti yawo, kukaima pa kachigwa ka pafupi ndi mkuyu. Zefa inatulukira itavala maliboni, Eneless ali pakati pa azakhali ake ngati dzira m'chisa. Inalowa m'kachigwamo, inatuluka. A Lyford anamva nthungululu, hutala, ndi agalu a ku Maramba. China chija sanachimve. Anafika kutchalitchi mochedwa, buluku litapanidwabe ndi zopanira za njinga, ndipo a Olipa anachita kuwavula zopanirazo pakhomo akuwakalipira monong'ona.

A Lyford anakhala pansi pa mkuyu uja zaka zina khumi ndi ziwiri, mpaka maso anayamba kuchita nkhungu, ngakhale khutu silinafookepo. Imwiko anakhala mkamwini wabwino, wosaiwala shuga ndi sopo ngakhale m'zaka zimene zinthuzi zinkasowa m'masitolo. Koma panali chinthu chimodzi. Patangopita sabata ukwati utachitika, a Lyford anatumanso a Sililo ndi mawu. Kaya a Sililo anaiwala, kaya zitsulo za sipiling'i zija zinali zitasulidwa kale kukhala zikwanje ku Maramba ndipo mnyamatayo anachita manyazi, palibe akudziwa. Mawuwo anali akuti:

"Mukamupemphe mwana wanga anditumizireko zitsulo ziwiri anasolola zija, ndimusungire. Ana akayamba kubadwa, galimoto idzalemera."

Ana anabadwa asanu ndi mmodzi. Yankho silinabwere.