Mwala Wokwechera Zidendene

Amayi anga ankati mkazi amadziwika ndi zidendene. Nkhope ukhoza kuidzoza mafuta, chitenje ukhoza kubwereka, koma zikang'a sizibisika. N'chifukwa chake nditapeza ntchito ku Nairobi m'zaka za m'ma 1990, chimene chinandivutitsa maganizo masabata oyamba sikunali kuzizira kwa mu Julayi kapena phokoso la maminibasi awo otchedwa matatu ayi. Ndinali nditaiwala kwathu mwala wanga wokwechera mapazi. Ku Parklands, kumene ndinkachita lendi kanyumba kam'mwamba, masitolo anali mbwee, koma timiyala timene ankagulitsa tinali tofewa ngati sikono.

Ndinkagwira ntchito ku Westlands, kubungwe lina loona zachilengedwe. Yanga inali yokonza mauthenga ophunzitsira anthu. Kwathu ndinkachita zomwezo pa nkhani ya mitengo, koma kuno anandipatsa za m'nyanja yamchere. Alendo odzaona malo ankachuluka chaka ndi chaka kugombe la Kenya, ndipo eni maboti ankawatengera kukaona matumbawe. Dzinali ndi la Chiswahili. Ife tilibe lathu, poti zinthuzo kwathu kulibe. Zimakula pansi pa madzi osaya, zina ngati nyanga za mbawala, zina ngati bowa, ndipo nsomba zimabisalamo n'kumaswana. Alendo ankazipondaponda, ena n'kumathyola kuti akakongoletse m'nyumba, ndipo anangula a maboti ankaziphwanya tsiku ndi tsiku.

Ndinalemba kapepala kokongola zedi, ka mawu akuluakulu, ndipo anakamasulira m'Chiswahili. Titapita kugombe kukaona mmene kakuyendera, ndinakapeza kali m'manja mwa anthu ndithu, atakulungiramo nsomba zokazinga. Titabwerera ku Nairobi, bwana wathu, bambo wosaseka wamba, anandiitana n'kundiuza mosapita m'mbali kuti mgwirizano wanga wa ntchito unali kutha kumapeto kwa chaka, ndipo ngati zinthu sizisintha adzafuna munthu wina. M'makhonde a ofesi ndinkamva manong'onong'o akuti munthu wochokera kudziko lopanda nyanja angadziwe chiyani za nyanja. Ndinkayankha mwamatama kuti nyanja tili nayo, ndipo m'chilankhulo chathu yamchere ndi yosakhala yamchere dzina lake ndi limodzi. Ankangoseka. Koma mantha ndinali nawo, chifukwa ana anga awiri anali atangozolowera sukulu.

Pa ulendo womwewo wa kugombe ndinapeza chimene ndinkafuna. M'boti sindinakwere, ndinanamizira mutu, ndipo ndili kuyendayenda pamchenga ndinaona mkulu wina atayala zigoba za nkhono pamphasa. Pakati pake panali kamwala koyera, kokhakhala, kokwana bwino m'dzanja. Anati ndi mwala wa m'nyanja. Ndinagula osanenerera mtengo. Matumbawe ndinkawadziwa a pazithunzi, ofiira ndi obiriwira, ndiye choyera chouma chija sichinandikumbutse kanthu. Kunena zoona, sindinaonepo mwala wogwira ntchito ngati umene uja. Pomatha mwezi zidendene zanga zinali see ngati za khanda.

Muofesi ndinali ndi mnzanga wobadwira kugombe, mayi wamfupi, wapakamwa, amene anaphunzira za zamoyo za m'nyanja. Lamlungu lina nditaweruka kutchalitchi anabwera kudzamwa tiyi. Analowa kubafa kukasamba m'manja, ndipo anatulukako atanyamula mwala wanga m'manja awiri ngati wanyamula dzira.

"Dada, ichi chikutani kubafa?" anandifunsa, poti dada m'Chiswahili ndi mchemwali.

"Ndimakwechera mapazi. Ukafuna ndidzakugulira chako."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ukudziwa kuti ichi n'chimene umalandirira malipiro kuti uteteze? Chinali chamoyo ichi. Mwina chinayamba kukula iwe usanayambe n'komwe sukulu."

Mawu akuti matumbawe ndi amoyo ndinali nditawalemba ndekha pa kapepala kaja, koma anangodutsa m'cholembera osafika kumutu. Safunsa anadya phula, ine ndinakwechera mapazi. Ndinamupempha, pafupifupi kugwada, kuti asakauze munthu kuofesi. Iye mkwiyo unamuthera pomwepo, anayamba kuseka mpaka anakhala pansi, misozi ili chuchuchu. Analonjeza kuti pakamwa pake patsekedwa, ndipo anasungadi lonjezolo.

Amene analephera kusunga chinsinsi ndine. Lolemba m'mawa, ndili wopanikizika m'matatu pakati pa thumba la kabichi ndi bambo wina wowerenga nyuzi, ndinadzifunsa kuti ngati ine wopita kusukulu, wolemba uthengawo, ndinaona mwala, nanga mlendo wongobwera masiku atatu amaona chiyani? Palibe munthu amamvera chisoni mwala. Kapepala kanga kankauza anthu kuti asamale chinthu chimene m'maso mwawo chinali chakufa kale.

Lachitatu kunali msonkhano wa ogwira ntchito onse. Ndinatulutsa mwala uja m'chikwama n'kuuika patebulo, ndipo ndinafotokoza zonse, mpaka za zikang'a. Mnzanga uja anaphimba nkhope. Ndinkadziwa kuti ndikupereka ndekha umboni umene onong'ona aja ankaufuna.

"Ndiye mukuti tikauze anthu kuti mphunzitsi wathu sadziwa chimene akuphunzitsa?" anafunsa bwana.

"Inde, bwana. Tikawauze kuti sankadziwa, ndipo tsopano akudziwa. Munthu samva bwino akamadzudzulidwa, koma akayamba waseka mnzake, makutu amatseguka."

Anautembenuza mwalawo ndi cholembera. Anati andipatsa ulendo umodzi wokha wa kugombe.

Tinakumana ndi eni maboti pansi pa mtengo waukulu pafupi ndi pokocheza. Anabwera ndi nkhope za anthu amene amvapo kale zambiri kuchokera kwa anthu a ku Nairobi. Sindinagawe kapepala kalikonse. Ndinavula nsapato, n'kukweza phazi kuti onse aone chidendene, ndipo ndinasimba nkhani yanga m'Chiswahili changa chothyokathyoka. Anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Phokoso litachepa, mkulu wina woyendetsa boti, wa ndevu zoyera, anati, "Mama, musachite manyazi. Ifenso timati mwala. Bambo anga ankauwotcha kupanga laimu."

Kuchokera pamenepo sindinayankhulenso zambiri. Anayamba kukambirana okha. Wina anati malo amene ankapha nsomba ali mwana tsopano ndi zibuma zokhazokha. Wina anati vuto ndi nangula, ndipo akanakhala ndi maboya, zinthu zoyandama zomangirirapo boti, sakanaponya chitsulo pansi. Masana ake ndinanamiziranso mutu, koma mkulu wa ndevu uja anakana kumva. Anandikweza m'boti, anandiveka galasi kumaso, n'kundiuza kuti ndingoviika nkhope. Ndinaona tinsomba tachikasu tikulowa ndi kutuluka, ndi tinthu tofewa tikugwedezeka pamwamba pa chimene ndinkachitcha mwala. Ndinadzutsa mutu ndikulira, ndipo ndinanamizira mchere.

Uthenga watsopano unali wa mawu ochepa: si mwala, n'chamoyo. Tinaulemba pamaboti, ndipo eni ake anagwirizana kuti aziwauza alendo asanalowe m'madzi. Maboya anaikidwa. Sindinganame kuti zonse zinakonzeka. Ogulitsa pamphasa ena anapitiriza, ndipo chaka china madzi anatentha kwambiri, matumbawe ambiri anayera n'kufa popanda wowaponda. Koma anangula anachepa, ndipo bwana anasaina mgwirizano wanga watsopano. Pondipatsa pepalalo anati, "Kwanu mumati chiyani zikatere?" Ndinamuuza kuti timati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Anati changa sichinali kalumo, unali mwala. Aka kanali koyamba kumuona akuseka.

Patapita zaka, m'ma 2000, amayi anabwera kudzationa. Ndinakawachingamira kubwalo la ndege ku Embakasi, ndipo sabata yachiwiri ndinawatengera kugombe kuti akaone madzi amene ankandidyetsa. Tinakwera boti limodzi ndi azungu angapo. Woyendetsa wake sindinkamudziwa, nayenso sankandidziwa. Atamangirira boti paboya, anaimirira n'kuyamba kulangiza alendo. Anati kale kunabwera mayi wina wa ku Malawi, wa zidendene zolimba ngati za njovu, amene anatsala pang'ono kumaliza matumbawe onse a m'derali pokwechera mapazi. Njovuyo anachita kuwonjezera, koma sindinamutsutse. Azungu anaseka, ndipo polowa m'madzi aliyense ankapinda miyendo mosamala kuti asagunde pansi.

"Akuti chiyani za Malawi bamboyu?" amayi anandifunsa.

Ndinawamasulira zonse, osasiyako ngakhale njovu.

"Mayi ameneyo ukumudziwa?"

"Ndine, amayi."

Anayang'ana anthu aja akuyandama miyendo ili m'mwamba. Kenako anayang'ana mapazi anga.

"Ndiye onsewa akukweza mapazi chifukwa cha iwe?"

"Ine ndi anthu a kuno."

Mtima wanga unadzaza kuposa tsiku limene ndinalandira digiri, ndipo sindikubisa, ndinanyada. Amayi anakonza mpango wawo umene mphepo inkafuna kuulanda.

"Ndinkakuuza ine," anatero, "kuti mkazi amadziwika ndi zidendene."