Kompyuta ndi yatonse, koma sikirini ndi yanga

Lolemba m'mawa ndinapeza Mayi Namakhwa atakhala pakompyuta m'chipinda cha aphunzitsi, akumwetulira okha. Ndinaima pakhomo. Mayi amenewa amaphunzitsa Chichewa pasekondale yathu yoyendera kuno kwa Kuntumanji, ndipo teremu yatha yonse ankailambalala kompyutayo ngati galu wolusa.

"Aphunzitsi, tabwerani muone," anandiitana. "Zilembo zanga zili momwe ndinazisiyira Lachisanu. Palibe wazigwira!"

Mwina mukuti nanga pamenepa chosangalatsa n'chiyani? Dikirani ndikuuzeni kumene tachokera.

Pasukulu pathu pali makompyuta atatu oyendera sola, koma aphunzitsi ndife ambiri. Kale tonse tinkalowa ndi dzina limodzi. Ukayatsa, unkapeza sikirini itadzaza ngati msika wa Songani: mayeso a uyu, zithunzi za chinkhoswe cha uyo, nyimbo za kwaya, fayilo ina yolembedwa kuti "osafufuta chonde". Ntchito ukaisiya pakompyuta yapawindo, mawa lake umadikira yomweyo, ngakhale zinazo zili zopanda munthu.

Mayi Namakhwa maso anayamba kuwavuta. Iwo akakhala, ankakulitsa zilembo kuti aziona. Bambo Mulima, mphunzitsi wamasamu amene wangobwera kumene kuchokera kukoleji, akakhala ankazichepetsa kuti manambala awo akwane. Mawa lake mayi aja ankapeza tizilembo ngati nyerere.

Matako saleka kuperesana, koma apa zinafika pomva kuwawa. Mayiwo anaganiza kuti mnyamatayo akuwaseka ukalamba. Moni unatha. Mayeso awo anayamba kukatayipitsa ku Songani, ulendo wa kabaza pamsewu wafumbi, pomwe makina ali pasukulu pomwepa. Tsiku lina ndinawamva akuuza ahedi kuti, "Ine zandikwana. Zinthu zimenezi ndi za ana, ndisiyireni choko."

Zinandipweteka, chifukwa mayiwa anaphunzira kutayipa ndi chala chimodzi, mwakhama, tsitsi litayamba kale imvi.

Sabata yatha ahedi anaitana mayi wina wodziwa za makompyuta kuchokera m'tauni ya Zomba. Analumikiza makina atatuwo, kenako aliyense anamupatsa dzina lolowera ndi pasiwedi yake. Tsopano kaya ukhale pakompyuta iti, ukalowa ndi dzina lako umapeza zako zokha, mmene unazisiyira. Zofunika tonse, monga ndondomeko ya maphunziro, anatiikira mufoda imodzi imene aliyense amatsegula.

Akukonza choncho, anafunsa kuti ndani akufuna zilembo zikuluzikulu. Mayi Namakhwa anayankha mokweza, maso ali kwa Bambo Mulima: "Ine, ngati ena atandilola."

Mnyamatayo anagwira pakamwa. "Mayi, ndinu mumakulitsa zija? Ine ndimati kompyutayi ili ndi vuto, ndiye tsiku lililonse ndimaikonza!"

Tinaseka mpaka misozi. Mayiwo anayesa kulimbitsa nkhope, koma zinakanika. "Mwana iwe, ndiye umakonza ine," anatero.

Sikuti onse anakondwa. Mnzathu wina anang'ung'udza kuti, "Kodi tayamba kubisirana?" Funso lake ndalisinkhasinkha, chifukwa ife tinaleredwa kuti chinthu chatonse ndi chatonse, ndipo wofuna kamalo kakekake timamutcha wodzikonda.

Koma kodi n'zoona? Pitani kusikimu ya mpunga ku Likangala. Ngalande ndi imodzi, madzi ndi atonse, koma aliyense amadziwa pamene munda wake wathera. Kodi malire amenewo anapha ubale? Ayi ndithu. Anthu amabwerekana makasu mwamtendere chifukwa palibe wodzuka n'kupeza wina wazula mbande zake poganiza kuti akuthandiza.

Ifenso chibwerere dongosololi, palibe wabisa kanthu. Chasintha n'choti mayeso a ana sakuonekanso kwa aliyense wongodutsa, ndipo m'chipinda muja mwabwerera nthabwala. Pa sikirini yanga ndaikapo chithunzi cha mabwato a pa Chilwa. Bambo Mulima aikapo timu yawo ya mpira, imene ikuluza mlungu ndi mlungu, koma ndi nkhani yawo imeneyo.

Chimene chandikhalira mumtima n'chakuti tinatsala pang'ono kutaya mphunzitsi waluso pa makinawa, tonse tikuona, popanda wofunsa chomwe chawavuta. Tinkangoti akuluakulu sakonda zamakono.

Kunyumba kwanu mwina muli foni imodzi imene banja lonse limagwiritsa ntchito. Ana amaisintha mmene afunira, amasuntha ichi, amafufuta icho. Alipo wina m'nyumbamo amene anangosiya kuigwira mwakachetechete. Munamufunsapo chifukwa chake?