Mwana wa Eleazar Thaxter Anabadwa pa Sabata

Eleazar Thaxter anali munthu woti akakupatsa moni, umayamba kudzifunsa kuti ndalakwanjinso. M'mudzi mwathu muja, m'mbali mwa nyanja ku Massachusetts, iye ndiye anali mlonda wa Sabata. Ankayenda ndi ndodo yaitali, uku mutu wa mkuwa, uku mchira wa nkhandwe. Mwamuna akasinza m'tchalitchi ankamugogoda pamutu, mayi akasinza ankamupukuta kumaso ndi mchirawo. Ulaliki ukafika pakati ankatuluka, n'kumasuzumira m'makomo kuti aone amene ajomba mapemphero.

Kwa Eleazar kunalibe chinthu chongochitika. Ng'ombe yako ikafa, mphezi ikagwera khola lako, mkaka ukasasa msanga, iye ankaima pampanda n'kukuyang'ana mpaka uyambe thukuta. Ankati Mulungu saloza chala pamalo popanda kanthu. Kunena zoona, tonse tinkakhulupirira zomwezo, kungoti iye ankanyanya.

Tinkakhulupiriranso kuti mwana amabadwa tsiku lofanana ndi lomwe mimba yake inalowa. Choncho mwana wobadwa Lamulungu anali umboni woti makolo ake anadetsa Sabata kuchipinda, ndipo Abusa Pell sankamubatiza mpaka makolowo ataulula pamaso pa mpingo. Wokanena kwa abusa anali Eleazar yemweyo. Mwiniwake sankaseweretsa lamuloli: dzuwa likangolowa Loweruka, ankanyamula bulangeti kukagona pabenchi, kumusiya mkazi wake Mehitabel yekha mpaka Lolemba.

Banjali linakhala zaka zambiri lopanda mwana. Mehitabel anadzaima anthu atasiya kale kumufunsa. Ndiye taonani zake, mwana anabadwa Lamulungu masana, mpingo uli mkati moimba masalimo. Eleazar atafika kunyumba ndi ndodo yake, anapeza mzamba, Mai Tilden, akusamba m'manja pakhomo. Mayiyu anali ndi pakamwa, ndipo mchira wa nkhandwe uja anali ataulawapo kangapo.

"Ndi wamkazi, Bambo Thaxter," anatero. "Koma tsiku wadziwa kusankha, eti?"

Wina aliyense akanagwa manyazi basi. Eleazar anagwidwa ndi mantha, chifukwa iye ankadziwa kuti pa Sabata mkazi wake sanamukhudzepo. Ngati chizindikiro sichinama, ndiye kuti wina anamukhudza. Anakumbukira kuti chaka chathacho Mehitabel ankatsala kunyumba masabata ena, akudandaula mutu. Anakumbukiranso kuti pa makomo onse a m'mudzimo, limodzi lokha ndi lomwe sanasuzumirepo, lake lomwe. Anayamba kusanthula amuna omwe ankajomba nthawi imeneyo: Jabez Orne wokhoma migolo ndi mwendo wake wosapola uja, mkulu wa pachigayo ndi chifuwa chake chosatha. Onse tsopano anayamba kumuonekera ngati anthu abwinobwino.

Eleazar sanamufunse kanthu mkazi wake. Ankangoima pafupi ndi kabedi ka mwana, kumuyang'ana makutu, mphuno, zala, kenaka n'kutembenukira kwa mayi wake. Mehitabel sanali wopusa, ankaona zonsezo. Ndipo chigololo kwathu sichinali nkhani yamasewera. Chinali cha chikwapu pabwalo ndi kuthamangitsidwa m'mudzi, mwinanso chingwe chapakhosi. Mawu amodzi a Eleazar anali okwanira.

Tsiku loulula, tchalitchi chinadzaza ngati kuli ukwati. Ngakhale odwala anachira. Abusa Pell anaimiritsa awiriwo kutsogolo, nafunsa Eleazar ngati akuvomera kuti anadetsa tsiku la Ambuye. Maso a Eleazar anayendayenda pa mabenchi a amuna. Mehitabel anali pambali pake, mwana ali m'manja.

"Ndine," anatero Eleazar potsiriza. "Tchimolo ndi langa."

Mwana anabatizidwa, namutcha Keziah. Ndodo ija anamulanda Eleazar tsiku lomwelo, ndipo anthu anaseka mobisa mpaka chisanu chinatha. Ena tinamumvera chisoni, ena tinati wadya zake zomwe. Koma pobwerera kunyumba, atapitirira manda, Mehitabel anaima panjira.

"Mwanama pamaso pa Mulungu, bambo," anatero motsitsa. "Ine ndikudziwa komwe mumagona pa Sabata. Ndiye mwabisa tchimo la ndani?"

Eleazar anangopitiriza ulendo. Mayi uja anamva zonse pamenepo, ndipo zinamupweteka kuposa chikwapu chomwe anamupulumutsako. Kuyambira pamenepo ankamuphikira, kumuchapira, kumusokera, koma kuseka naye ayi.

Eleazar anabwerera kumunda kwake, nakalamba akulima chimanga ndi maungu. Keziah sanamumenyepo, sanamumanepo kanthu, komanso sanamunyamulepo. Akakumana ndi Jabez Orne panjira ankamuyang'anitsitsa kumaso mpaka mkuluyo anayamba kulambalala.

Chopweteka n'chakuti mtsikanayo anakula ali bambo wake enieni, kuchita kudula mutu. Chibwano chachitali, diso lamanzere lotsinzinira, ngakhale kayendedwe kopendekera. Mudzi wonse unkaona. Tsiku lina m'mawa, Mehitabel atafooka kale ndi matenda omwe anadzamutenga, anakokera mwana wake pawindo pomwe panali kuwala, naitana mwamuna wake.

"Ndisanapite, muyang'aneni bwino," anatero. "Wafanana ndi ndani?"

Eleazar anayang'ana, ndipo anadziona iye mwini. Ngati Keziah ndi wake, ndiye kuti chizindikiro chija chinali chabodza. Ndiye kuti mabanja omwe iye anawakokera kutsogolo kwa mpingo analira pachabe, ndipo khanda la a Haskell, lomwe makolo ake anakana kuulula mpaka linafa losabatizidwa, linakanizidwa madzi chifukwa cha iye. Katundu ameneyo anamulemera kuposa kukayikira mkazi yemwe sanamulakwirepo.

Keziah anali chiimire, akudikira bambo wake.

"Wafanana ndi inu, mayi," anatero Eleazar, natuluka kukapatsa ng'ombe udzu.